Ankhoswe a Mafumu: Kodi Tikaŵapempha, Timapemphanji?

Ambiri mwa ife ansembe funso ili lidatipezapo kale m'maparishi. Mkhristu wina walongedwa ufumu, kapena wapambana pa chisankho, ndipo abale ake abwera kudzapempha Misa yothokoza. Potsazika, mmodzi afunsa kuti, "Bambo, kodi woyera amene ali nkhoswe ya atsogoleri ndani, kuti tizimupempha?" Ife timayankha msanga, popeza maina ali pafupi: Louis wa ku France, Edward wa ku England, Henry wa ku Germany, Stephen wa ku Hungary, ndiponso, kuyambira mu 2000, Thomas More. Yankho lotere silolakwika, koma nlopereŵera. Mainaŵa sadaloŵe m'kaundula wa oyera pa njira imodzi. Ena adakankhidwiramo ndi adzukulu ao ofuna kulimbitsa mpando, ena adaloŵamo chifukwa mfumu idaŵadula mutu. Tikapanda kudziŵa mbiri imeneyi, tingathe kuphunzitsa anthu athu pemphero limene oyerawo sangalizindikire.

Mpingo udayamba kupempherera mafumu usanakhale ndi mfumu yoyera ngakhale imodzi. M'kalata yoyamba yolembera Timoteo, mutu 2, akhristu akulamulidwa kupempherera mafumu ndi onse aulamuliro, ndipo cholinga chake nchosadzikweza konse: kuti anthu akhale mwabata ndi mwaulemu. Mafumu a nthaŵiyo anali akunja, ena anali ozunza. Clement wa ku Roma, polembera Akorinto cha m'ma 96, adaikamo pemphero loti Mulungu apatse olamula moyo wabwino, mtendere, ndi mtima wogwiritsa bwino mphamvu zimene adalandira. Tertullian, polemba ku Carthage cha m'ma 197, adauza akuluakulu a boma kuti akhristu amapempherera Kaisara kwa Mulungu woona, koma kumutcha mulungu sangathe. Oyera amene Mpingo unkaŵakumbukira pa manda ao m'zaka zimenezo anali amaritiri, ndiye kuti anthu ophedwa pa lamulo la olamula omwewo amene unkaŵapempherera.

Ngakhale pamene Constantine adapatsa akhristu ufulu mu 313, Mpingo wa Kuzambwe sudafulumire. Akhristu a Kuvuma amamulemekeza ngati woyera pa 21 Meyi pamodzi ndi mai wake Helena, koma Roma adalandira mai yekhayo, mwanayo sadamuike pa kalendala yake. Mau achilatini oti patronus, amene ife timaŵamasulira kuti nkhoswe, adachokera ku bwalo la milandu la Aroma, kumene munthu wamphamvu ankaimira anthu wamba omudalira. Mmodzi mwa oyamba kuŵagwiritsa ntchito ponena za oyera anali Ambrose, episkopi wa ku Milan. Mu 386, ali pa mkangano ndi banja lachifumu limene linkafuna kumulanda tchalitchi kuti lipatse otsata chiphunzitso cha Arius, iye adafukula mafupa a amaritiri aŵiri, Gervasius ndi Protasius, nauza anthu kuti apeza oŵateteza. Tione bwino apa: ankhoswe oyambaŵa adaitanidwa kudzateteza Mpingo kwa mfumu. Ndi Ambrose yemweyo amene, asilikali a Theodosius atapha anthu ambirimbiri ku Thessalonica mu 390, adakaniza mfumuyo Ukaristia kufikira italapa poyera.

Mafumu atabatizidwa adaona kuti oyera ali ndi mphamvu pa mitima ya anthu, ndipo adafuna kuti mphamvuyo ikhale m'nyumba mwao. Martin, episkopi wa ku Tours amene adamwalira mu 397, amadziŵika ndi nkhani ya mwinjiro umene adaudula pakati ku Amiens kuti afunditse wopemphapempha. Mafumu a Afranki adasunga nsalu imene ankakhulupirira kuti ndi mbali yotsala ya mwinjirowo. Ankapita nayo ku nkhondo, ndipo anthu ankalumbirirapo pa milandu. Chipinda chosungiramo adachitcha capella, ansembe oyang'anira adaŵatcha capellani, ndipo mau achingerezi amene timatchulira kanyumba kathu kopemphereramo m'seminale, ndi wansembe wa asilikali kapena wa m'chipatala, adachokera pomwepo. Komatu Martin mwiniwake adatula pansi usilikali ponena kuti tsopano ndi msilikali wa Khristu, ndipo ali episkopi adapita ku Trier kukadandaulira mfumu Maximus kuti isaphe Priscillian ndi anzake, ngakhale ankatsutsa chiphunzitso chao. Chovala cha munthu wokana nkhondo chidasanduka chithumwa cha ku nkhondo.

Za Maurice nzodabwitsa koposa. Mbiri imene adalemba Eucherius, episkopi wa ku Lyon, m'zaka za m'ma 400, imati Maurice anali mtsogoleri wa gulu la asilikali ochokera ku Thebes, m'dziko la Egypt. Mfumu Maximian itaŵalamula kuti azunze akhristu anzao, iwo adakana, koma sadapanduke kapena kusolola malupanga, ndipo adaphedwa ku Agaunum, malo amene lero ndi Saint-Maurice m'dziko la Switzerland. Akatswiri a mbiri amakaika zambiri za m'nkhaniyi, makamaka chiŵerengero cha ophedwa. Chimene chikutikhudza ife nchakuti munthu ameneyu, wodziŵika chifukwa chokana lamulo la mfumu, ndiye amene mafumu aakulu a ku Germany adamusankha kukhala nkhoswe ya ufumu wao. Otto I adamumangira nyumba ya amonke ku Magdeburg mu 937, ndipo mkondo wopatulika umene unali chimodzi mwa zizindikiro za ufumuwo udayamba kutchedwa mkondo wa Maurice. M'tchalitchi chachikulu cha ku Magdeburg mudakali fano lake lamwala la cha m'ma 1240, losemedwa ngati munthu wakuda wa ku Africa atavala zankhondo. Kaya mafumuwo ankamva zimene nkhoswe yao inkaŵauza, ntchito zao ndizo zingayankhe.

Kutenga woyera kukhala mtetezi ndi chinthu china, kukhala ndi woyera m'mtundu mwako ndi chinthu chinanso, ndipo chachiŵirichi chidakoma kwambiri kwa mafumu. Poyamba mafumu olemekezedwa anali ophedwa mwankhanza, monga Oswald mu 642, Edmund mu 869 ndi Olaf wa ku Norway mu 1030, ndipo anthu wamba ndiwo ankayamba kupita ku manda ao. Pambuyo pake mabanja achifumu adayamba kupempha okha. Stephen, mfumu yoyamba ya ku Hungary, adakwezedwa mu 1083 pa khama la Ladislaus amene anali pampando. Henry II wa ku Germany adatchedwa woyera ndi Apapa Eugene III mu 1146. Zaka makumi aŵiri zotsatira zidaonetsa poyera kuti nkhaniyi inali italoŵa ndale.

Mu 1159 akadinala adagaŵikana posankha Papa. Ambiri adasankha Alexander III, ochepa adasankha Victor IV, amene mfumu yaikulu Frederick Barbarossa idamuchirikiza. Henry II wa ku England adaima ndi Alexander, ndipo mu Febuluwale 1161 Alexander adatcha Edward, mfumu yakale ya ku England imene idamwalira mu 1066, kukhala woyera. Edward analidi munthu wopemphera, ndipo ndiye adamanganso Westminster Abbey. Koma Henry, amene kudzera mwa mai wake anali wa magazi a banja la Edward, adapindula: tsopano anali mbale wa woyera. Barbarossa sadafune kutsalira. Pa 29 Disembala 1165, ku Aachen, ndi chilolezo cha Paschal III, papa wosavomerezeka amene adaloŵa m'malo mwa Victor, Charlemagne adalengezedwa kukhala woyera. Ameneyu ndi Charlemagne amene mabuku a mbiri ya ufumu wake omwe amati mu 782 adaphetsa Asaxon 4,500 ku Verden. Roma sadavomereze mchitidwewu mpaka lero, kungoti adalekerera anthu a ku Aachen kuti azimukumbukira kwao.

Tsono patapita zaka zisanu ndendende, pa 29 Disembala 1170, ankhondo anai a Henry wa ku England adapha Thomas Becket, arkiepiskopi wa ku Canterbury, m'tchalitchi chake chomwe. Becket adaalipo mu 1163 pamene mafupa a Edward ankasamutsidwira m'manda atsopano mfumu ikuonerera. Alexander III yemwe uja adamutcha woyera mu 1173, ndipo mu Julayi 1174 Henry adayenda chosavala nsapato m'miseu ya ku Canterbury, nalola kuti amonke amukwapule pa manda a munthu amene mau ake aukali adamuphetsa. Mfumu idaafuna woyera wa m'banja mwake ndipo idamupeza, koma amwendamnjira a ku Ulaya konse adathamangira kwa winayo. Nchifukwa chake Henry VIII, pofuna kuika Mpingo pansi pa ulamuliro wake, adagumula manda a Becket mu 1538, koma a Edward adakalipo ku Westminster. Sitikudabwa kuti kuyambira mu 1234, m'malamulo a Gregory IX, kutcha munthu woyera kudasungidwira Apapa okha.

Tingaganize kuti mafumu oyera onse anali opangidwa ndi ndale, koma Louis IX akutiletsa kuganiza motero. Adabadwa mu 1214, naloŵa ufumu wa France mu 1226 ali ndi zaka 12, mai wake Blanche wa ku Castile akumugwirira mpando. Zoti ankasala, ankasambitsa mapazi a amphaŵi ndipo adamanga nyumba yosungiramo akhungu 300 ku Paris, alaliki amazikonda. Ife tikuona kuti kuyera kwake monga mfumu kudaonekera bwino pa zinthu zina. Mu 1247 adatuma ofufuza m'dziko lonse, ambiri a iwo Afransisko ndi Adominiko, kuti akamve madandaulo a anthu wamba pa nduna za mfumu ndi okhometsa msonkho, ndi kubweza zonse zolandidwa mopanda chilungamo, ngakhale zolandidwa m'nthaŵi ya bambo wake ndi agogo ake. Mu 1254 adaletsa nduna zake kulandira mphatso kwa anthu a m'madera ao. Mu 1259 adapangana mtendere ndi Henry III wa ku England nam'bwezera maiko ena, aphungu ake akutsutsa. Bwenzi lake Jean de Joinville akusimba kuti itatha Misa mfumu inkakhala pansi pa mtengo ku Vincennes, ndipo aliyense wokhala ndi mlandu ankafika popanda mlonda womutsekereza. Ife amene tidakula tikuona mafumu akuzenga milandu pansi pa mkuyu kapena kachere sitivutika kuchiona chithunzi chimenechi. Chovuta kuchipeza, kwao ndi kwathu komwe, ndi wolamula amene atuma anthu kuti akafufuze zolakwa za boma lake lomwe.

Komabe tisamupake laimu. Ndi Louis yemweyo amene adalola kuti mabuku a Talmud atenthedwe ku Paris mu 1242, nalamula mu 1269 kuti Ayuda azivala chizindikiro pa zovala zao. Mpingo, makamaka kuyambira pa Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican, umaona zotere ngati zochititsa manyazi. Adatsogolera nkhondo ziŵiri za mtanda. Pa yoyamba adagwidwa ku Egypt mu 1250 naomboledwa ndi chuma chambiri, pa yachiŵiri adafa ndi matenda pafupi ndi Tunis pa 25 Ogasiti 1270. Joinville adakana kupita naye ulendo wachiŵiriwo, ponena kuti anthu ake adaasauka pamene iye adachoka koyamba, ndipo adaŵerengera tchimo lalikulu onse amene adalangiza mfumu kuti ipite. Munthu ameneyu ndi yemwe adakachitira umboni za kuyera kwa Louis pa kafukufuku wa mu 1282. Ndale sizidasoŵenso pamapeto: Boniface VIII adamutcha woyera mu 1297, pa nthaŵi imene ankafuna kuyanjana ndi mdzukulu wake Philip IV, ndipo patangopita zaka 6, mu 1303, anthu a Philip adagwira Papayo ku Anagni. Kukhala ndi agogo oyera sikudamuyeretse Philip.

Muyeso wosiyanitsira zonsezi adatipatsa kale Augustine m'buku lachisanu la De Civitate Dei. Akuti mafumu achikhristu sitiŵayesa odala chifukwa adalamula nthaŵi yaitali, kapena adasiyira ana ao mpando, kapena adagonjetsa adani, popeza zimenezi akunja omwe adazilandira. Timaŵayesa odala ngati alamula mwachilungamo, ngati sadzitukumula pakati pa oŵatamanda, ngati achedwa kulanga nafulumira kukhululuka, ngati akumbukira kuti ndi anthu. Titaika muyeso umenewu pambali pa zimene abale a mtsogoleri watsopano amafuna popempha Misa, tipeza kuti kaŵirikaŵiri amapempha zinthu zitatu zomwe zija Augustine adazichotsa.

Pa 31 Okutobala 2000, Apapa John Paul II atafuna kupatsa olamula maiko ndi andale nkhoswe, sadasankhe mfumu. Adasankha Thomas More, loya, mwamuna wapabanja, amene adakhala nduna yaikulu ya Henry VIII kuyambira mu 1529 mpaka pamene adatula udindo mu 1532. Mu Epulo 1534 adakana lumbiro limene, pakuvomereza ukwati watsopano wa mfumu, linkakananso ulamuliro wa Papa. Sadaitane anthu kuti aukire, sadanyoze amene adalumbira, ndipo ngakhale kwa a m'banja mwake sadafotokoze zifukwa zake kuti angaŵaike pa mlandu. Adangoti chikumbumtima chake sichimulola. Adakhala miyezi 15 m'ndende ya Tower ku London, nadulidwa mutu pa 6 Julayi 1535. Pius XI adamutcha woyera mu 1935 pamodzi ndi episkopi John Fisher, m'zaka zimene maboma ena a ku Ulaya ankafuna kumeza munthu yense, thupi ndi mtima womwe. Naye More ali ndi mbali yake yamdima: pamene anali nduna, anthu asanu ndi mmodzi adatenthedwa chifukwa cha chiphunzitso cha Chiprotestanti, ndipo iye adavomereza. Munthu wofera chikumbumtima chake sadachione chikumbumtima cha anthu amenewo. Tikamupereka kwa andale tisabise zimenezi, pakuti iwonso ayenera kudziŵa kuti wolungama yemwe angathe kuzunza.

Nanga pemphero lathu kwa oyeraŵa limachita chiyani? Ndime ya kwa Timoteo imene ikutilamula kupempherera mafumu ndi yomweyo imene, mavesi oŵerengeka kutsogolo, ikunenetsa kuti pakati pa Mulungu ndi anthu pali mkhalapakati mmodzi yekha, Yesu Khristu. Ziŵirizi sizitsutsana. Msonkhano wa ku Trent mu Disembala 1563 udaphunzitsa kuti kupempha oyera nkwabwino ndi kothandiza, koma zimene tilandira zichokera kwa Mulungu kudzera mwa Mwana wake. Lumen Gentium, mutu 7, mu 1964, idaonjezera kuti ulemu woona kwa oyera sukhala m'kuchuluka kwa miyambo yooneka ai, koma m'chikondi chogwira ntchito. Thomas Aquinas adafika pa tsinde: sitipemphera kuti tisinthe zimene Mulungu adakonza, koma kuti tilandire zimene adakonza kutipatsa kudzera m'pemphero. Popeza oyera kumwamba afuna chokhacho chimene Mulungu afuna, sangapembedzere chinthu chosalungama. Woyera si mlamu wa bwana amene tidzera kwa iye kukhomo lakuseri pamene lakumaso latikana. Mtsogoleri wopempha Louis kuti am'bisire chuma chakuba akupempha munthu amene adatuma ofufuza.

Pano mau athu oti nkhoswe akuposa achilatini. Patronus wa Aroma ankaimira munthu wake pa bwalo, kaya walakwa kaya sadalakwe, popeza ulemu wake unali pomwepo. Nkhoswe ya ukwati siyitero. Imaimira mbale wake inde, koma banja likavuta ndiyo iyamba kumuitanira pambali ndi kumuuza kuti wolakwa ndi iyeyo, ndipo ikangoikira kumbuyo zoipa, anthu amati yapasula banja. Ntchito yake nkusunga pangano, osati kupambanitsa mbali imodzi. Omasulira Buku Lopatulika adaona kulemera kwa mauŵa pamene adatcha Mzimu Woyera Nkhoswe mu Mthenga Wabwino wa Yohane, ndipo kumeneko Nkhosweyo imatsutsa dziko za tchimo, za chilungamo ndi za chiŵeruzo. Wolamula ali pa pangano ndi anthu ake pamaso pa Mulungu, ndipo akasankha nkhoswe wavomera kuti idzamudzudzule. Liturjiya yomwe idaphunzira zimenezi pang'onopang'ono. Pemphero la Lachisanu Loyera lopempherera mfumu ya Aroma kuti igonjetse mitundu yachilendo lidakhalabe m'buku la Misa kufikira 1955, ufumuwo utatha kale mu 1806. Limene tili nalo tsopano limapempha kuti Mulungu aongolere maganizo ndi mitima ya olamula ku mtendere woona ndi ufulu wa anthu onse. Pokonza mapemphero a akhristu pa Misa ya mtsogoleri, tiyenera kutsanzira lachiŵirili, ndi kuŵerenga zolembedwa ndi akomiti tisanaloŵe m'tchalitchi.

Abale aja akafunsanso dzina, pali lina limene tingaŵapatse la kuno ku Africa, lochokera m'munda wa Abambo Oyera omwe aja adafika kwa Mponda mu 1889 ndi ku Mua mu 1902. Joseph Mukasa Balikuddembe, amene akhristu a ku Uganda amamutcha nkhoswe ya mafumu ndi andale, adabatizidwa mu 1882, natumikira Kabaka Mutesa I mpaka imfa yake mu 1884, nakhala kapitao wa nyumba ya Kabaka Mwanga II. Anali wokhulupirika kwa mfumu yake kotero kuti adaiululira chiwembu cha nduna zofuna kuipha. Koma ankatchinjiriza anyamata a m'bwalo ku zilakolako za mfumuyo, ndipo pamene Mwanga adaphetsa James Hannington, episkopi wa Anglican, pa 29 Okutobala 1885, Joseph adamuuza pamaso kuti walakwa, ndi kuti bambo wake sakadapha mlendo asanamve mau ake. Makolo adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma Mwanga sadamve motero. Pa 15 Novembala 1885 adalamula kuti atenthedwe. Mkatolika woyamba kufa mwa amaritiri 22 amene Paul VI adaŵatcha oyera pa 18 Okutobala 1964 adafera kunenera mtembo wa munthu wa mpingo wina. Popita kokaphedwa adakana kumangidwa, natumiza mau kwa mfumu akuti yamuweruza mosalungama, kuti iye waikhululukira, koma ilape. Wakuphayo, amene ankamulemekeza, adamudula mutu asanamuponye pamoto. Mwanga adasintha maganizo natuma mthenga woletsa, koma mthengayo adafika ku Nakivubo moto utayaka kale.